Billy Vera: woyimba yemwe adapata Grammy ndi cholembera

Pa 24 Januwale 1987, nyimbo yomwe idakwera pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America idali yogona kale. Idajambulidwa mu 1981 pamalo ena achisangalalo mumzinda wa Los Angeles, anthu akumwa ndi kuwomba m'manja. Kampani yomwe idaitulutsa koyamba idali itatseka kale nthambi yake ya ku America. Mwini nyimboyo, Billy Vera, adali ndi zaka 42, msinkhu womwe oyimba ambiri a nyimbo za achinyamata amakhala atapachika kale gitala n'kuyamba zina. Nyimboyo ndi "At This Moment", ndipo idakhala pampandowo masabata awiri.

Ambiri akamakamba za mkuluyu amayambira pamenepa n'kuthera pomwepo: adagwa m'mwayi, adadya zake, kwatha. Ine chidandikoka n'china. Patatha zaka 26, mu Febuluwale 2013, Vera adapata Grammy, mphoto yomwe woyimba aliyense amagona akuilota, koma sadaipate chifukwa choyimba kapena kupeka nyimbo. Adamupatsa chifukwa cha kabuku komwe adalemba kofotokoza nyimbo za munthu wina.

Mphoto ya mtunduwu ilipo kuyambira 1964. Imapita kwa yemwe walemba bwino mawu omwe amakhala kuchikuto kwa chimbale kapena m'kabuku kam'kati, omwe pa Chingerezi amati liner notes. Ngati mudabadwa nyimbo zitasamukira kale m'foni, mwina simudagwirepo kabuku kotere. Mumakhala madeti, dzina la situdiyo, yemwe adaimba ng'oma, yemwe adaliza lipenga, yemwe adapeka mawu. Kwa wina ndi zotopetsa. Kwa Vera idasanduka ntchito ya zaka zambirimbiri, ndipo mukaona zomwe adadutsamo, chifukwa chake sichivuta kuchimva.

Dzina lake lenileni ndi William Patrick McCord. Adabadwa pa 28 Meyi 1944 ku Riverside, California, koma adakulira ku Hartsdale, kufupi ndi mzinda wa New York. Bambo ake, a Bill McCord, adali muulutsi ku NBC. Mayi ake, a Ann Ryan, ankayimba m'gulu lotchedwa Ray Charles Singers, lomwe linkayimba kumbuyo kwa Perry Como pa kanema. Apa musasokonezeke. Ray Charles ameneyu si katswiri wosaona wa piyano uja ayi. Adali mzungu wina wotsogolera kwaya, adangofanana mayina basi. Koma dzinalo lisungeni, tikumana nalonso kutsogoloku.

M'nyumba ya makolo otere, mwana akadatha kutsata nyimbo zofatsa za Perry Como. Billy mtima wake udapita kwa oyimba achikuda a rhythm and blues, ndipo adayamba kutolera malekodi awo akadali mnyamata, chizolowezi chomwe adakula nacho.

Ntchito yake yoyamba yooneka idali yopeka nyimbo muofesi. Zikumveka zachilendo, koma ku New York m'zaka za m'ma 1960 ndi momwe zinkayendera: kampani inkalemba ntchito achinyamata, n'kuwaika m'tizipinda tokhala ndi piyano, n'kumawalipira pa sabata kuti azipeka nyimbo zoti oyimba otchuka adzasankhepo. Ricky Nelson adatenga "Mean Old World" mu 1965. Chaka chotsatira Barbara Lewis adayimba "Make Me Belong to You", yomwe Vera adapeka limodzi ndi Chip Taylor. Taylor ameneyu mwina dzina simulidziwa, koma ntchito yake mudavinapo: ndiye adapeka "Angel of the Morning", yomwe Shaggy adabwereka mu "Angel". Ndi bambo aang'ono a Angelina Jolie, kwa inu okonda kudziwa za maubale.

Judy Clay

Mu 1967 awiriwa adapeka "Storybook Children", nyimbo ya mwamuna ndi mkazi okondana omwe zinthu sizikuwalola kukhala limodzi. Jerry Wexler, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Atlantic, adaikonda ndipo adafuna kuti Vera aiyimbe mwini wake pamodzi ndi woyimba wamkazi. Mkaziyo adapezeka kuti ndi Judy Clay.

Judy adabadwa mu 1938 ku St. Pauls, North Carolina. Atasamukira ku New York ali mtsikana, adatengedwa ngati mwana ndi mayi ake a Dionne Warwick, ndipo adayimba nyimbo zauzimu m'gulu la banjalo, Drinkard Singers, momwe mudalinso Cissy Houston, mayi ake a Whitney Houston. Banja limeneli lidapatsidwa mawu, ndipo a Judy adali akuya, olemera, a munthu woti wakulira m'tchalitchi.

Tsono taganizirani nthawi yake. Pa 12 Juni chaka chomwecho cha 1967 m'pamene khoti lalikulu la America lidathetsa malamulo oletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda, pa mlandu wa Richard ndi Mildred Loving. Kufikira tsikulo, zigawo 16 za dzikolo zidali zikadali ndi malamulo otere. Patangopita miyezi yochepa, nayu mnyamata wachizungu ndi mayi wachikuda akuyimbirana nyimbo yachikondi. Mawu a nyimboyo satchula khungu la munthu paliponse. Koma wowaona awiriwo ataima limodzi sankafunika kuuzidwa.

Pa wailesi zidayenda. Nyimboyo idafika pa nambala 20 pa mndandanda wa rhythm and blues ndi pa 54 pa mndandanda waukulu. Yotsatira, "Country Girl, City Man", idafika pa 36 mu 1968. Adakayimba ku Apollo Theater ku Harlem, komwe anthu ake sachedwa kukuwiza woyimba wosakoma mpaka atsike pa siteji, ndipo kumeneko adawalandira bwino. Vera amasimba kuti ena m'holomo adadzidzimuka atamuona akutulukira, chifukwa pa wailesi ankamuyesa wakuda.

Kanema ndiye adatseka chitseko. Nthawi imeneyo nyimbo inkakula ikaoneka pa mapologalamu akuluakulu owonedwa dziko lonse, ndipo amenewo sadawaitane awiriwa; adangooneka pa timapologalamu ta m'mizinda ingapo. Judy adali woyembekezera, pathupi pa mwamuna wake, ndipo malinga ndi Vera, akuluakulu a kanema ankaganiza kuti pathupipo ndi pa mzunguyo. Chaka cha 1968 chomwecho Nancy Sinatra ndi Lee Hazlewood, azungu okhaokha, adajambula "Storybook Children" m'chimbale chawo popanda wodabwa nazo.

Chomwe chidamaliza awiriwa ndi mapepala. Mgwirizano wa Judy udali ndi kampani ya Stax ya ku Memphis, yomwe inkagwira ntchito limodzi ndi Atlantic. Makampaniwa atasiyana mu 1968, oyimbawo adapezeka ali mbali ziwiri za mpanda. Pa kusiyana komweko a Stax adazindikira kuti mgwirizano womwe adasaina mu 1965 udapereka matepi awo akale, kuphatikizapo a Otis Redding, m'manja mwa Atlantic. Eti kampani yonse kutaya chuma chake chifukwa cha ndime imodzi ya pa pepala.

Judy adayimba "Private Number" ndi William Bell, yomwe idafika pa nambala 8 ku Britain. Iye ndi Vera adayeseranso mu 1969, koma moto udali utazima. Kuchoka apo Judy adabwerera kumbuyo, kumathandizira mawu oyimba ena monga Aretha Franklin ndi Van Morrison. Mu 1979 adadwala chotupa cha muubongo, atachira adabwerera ku nyimbo zauzimu, ndipo adamwalira pa 19 Julayi 2001 atachita ngozi ya galimoto. Adali ndi zaka 62.

Ndikamvera nyimbo zawo ziwirizo, khutu langa limandiuza kuti pa awiriwa dolo wa mawu adali Judy. Vera adapeza mwayi wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Judy sadaupeze. Sindikuti Vera adamulanda kanthu ayi. Kungoti munthuyu adaona ndi maso ake, ali ndi zaka 24 zokha, momwe luso lalikulu limazimirira anthu akuyang'ana.

Nyimbo yomwe idadikira zaka 6

Zaka za m'ma 1970 zidali zowuma. Vera ankapeza ya sopo potsogolera bandi yoyimbira magulu akale monga Shirelles, m'mapwando okumbutsa anthu nyimbo za pa unyamata wawo. Wina akadaona ngati kutsika. Ine ndimaona kuti sukulu yake ya mbiri idali imeneyi, poti usiku ndi usiku ankakhala kuseri kwa siteji ndi anthu omwe malekodi awo adawatolera ali mwana.

Mpumulo udabwera ndi Dolly Parton, yemwe adayimba nyimbo ya Vera yotchedwa "I Really Got the Feeling" n'kuifikitsa pa nambala 1 pa mndandanda wa country kumayambiriro kwa 1979. Chaka chomwecho Vera adasamukira ku Los Angeles, komwe adayambitsa bandi ya Beaters, yodzaza ndi malipenga, motengera bandi yomwe Ray Charles wa piyano uja adali nayo m'ma 1950. Ankayimba Lolemba lililonse pakati pa usiku ku Troubadour, tsiku ndi nthawi zomwe palibe bandi imazilimbirana, mpaka malowo adayamba kudzaza. Kampani ya ku Japan ya Alfa idawajambula akuyimba ku Roxy mu 1981. "I Can Take Care of Myself" idalowa m'gulu la nyimbo 40 zapamwamba. "At This Moment" idathera pa 79. Kenako Alfa idatseka nthambi yake ya ku America, chimbale n'kusowa m'mashopu.

Nyimboyi ili ndi kambiri kake. Vera amati adayamba kuipeka mu 1977 atangoyamba chibwenzi ndi mtsikana wina yemwe adamufotokozera momwe adathetsera chibwenzi chake chakale. Iye adadziyerekeza kuti ndi mnyamata wosiyidwayo n'kuyamba kulemba, koma kumapeto kudamukanika. Adadzaimaliza mtsikana uja atamusiya iyeyo. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 1985 mmodzi wa okonza sewero la pa kanema la Family Ties, Michael Weithorn, adamva Beaters akuyimba nyimboyi ndipo adaiika m'gawo lomwe Alex, yemwe ankaseweredwa ndi Michael J. Fox, adagwa m'chikondi ndi Ellen. Owonera adayamba kulemba makalata ndi kuimba mafoni ku NBC kufunsa kuti nyimboyi angaigule kuti. Yankho lidali loti kulibe. Makampani omwe Vera adawafikira sadaonetse chidwi. Yomwe idavomera ndi Rhino, kampani yomwe ntchito yake idali kufukula nyimbo zakale n'kuzitulutsanso. Iwo adapeza chilolezo cha matepi a Alfa aja n'kutulutsa chimbale cha By Request. Mu Okutobala 1986 seweroli lidaikanso nyimboyi, pano Alex ali wosweka mtima Ellen atapita, ndipo ulendo uno nyimbo idali m'mashopu. Miyezi inayi isanathe bwino idali pa nambala 1. Fox ndi Tracy Pollan, yemwe ankasewera Ellen, adakwatirana zenizeni mu 1988, chaka chomwe dzina la Vera lidaikidwa pa nyenyezi ya Hollywood Walk of Fame.

Ife kuno tidaziona zoterezi ndi agogo Giddes Chalamanda. "Linny Hoo" idali nyimbo yakale, koma ataiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020 idadzafalikira pa TikTok mpaka kumaiko komwe Chichewa sachimva, eni ake atapitirira zaka 90. Ya Vera ikuonetsanso kanthu kena komwe sitikaganizira kawirikawiri. Kuti nyimbo ija idzuke padafunika tepi yosungidwa bwino, pepala losonyeza mwini wake, ndi munthu wodziwa komwe ziwirizi zili. Chikadasowa chimodzi, owonera Family Ties akadakhetsa misozi madzulo amenewo n'kuiwala.

Nambala 1 ina sadaionenso. Adasewera m'mafilimu monga Blind Date ndi The Doors, adayimba nyimbo zotsegulira masewero a Empty Nest ndi The King of Queens, mawu ake adamveka m'zotsatsa malonda zambiri, ndipo Michael Bublé adayimbanso "At This Moment" m'chimbale chake cha Crazy Love mu 2009. Akadafuna akadangokhala pakhonde n'kumadikira ndalama za upeki.

M'nkhokwe za matepi

Nthawi idamukomera. CD itafika m'zaka za m'ma 1980, makampani adazindikira kuti matepi omwe adaunjika m'nkhokwe ndi ndalama, chifukwa anthu ankafuna kugulanso nyimbo zomwe adali nazo pa malekodi. Koma bokosi la tepi silinena zambiri. Pena pamangokhala dzina la nyimbo ndi nambala. Pamafunika munthu womvera tepi iliyonse, wotha kusiyanitsa kujambula komwe kudatuluka pamsika ndi komwe kudasiyidwa, wofufuza m'mapepala a bungwe la oyimba momwe ankalembamo omwe adalipidwa pa tsiku lojambula, wowerenga magazini akale a Billboard ndi Cash Box, kenako wopita kukacheza ndi akuluakulu omwe adalipo tsikulo asanatsikire kuli chete. Vera adagwira ntchito imeneyi pa zimbale zambirimbiri, za anthu monga Count Basie, Duke Ellington, Louis Jordan ndi Little Richard.

Komwe adakhazikika kwambiri ndi ku Specialty, kampani yomwe Art Rupe adayambitsa ku Los Angeles m'ma 1940. Vera adasonkhanitsa bokosi la ma CD 5 lotchedwa The Specialty Story mu 1994, ndipo mu 2019 adatulutsa buku la mbiri ya kampaniyi, Rip It Up. Apo n'kuti atalemba kale la mbiri ya moyo wake, Harlem to Hollywood, mu 2017.

Kuti muone phindu la ntchitoyi, tengani nyimbo imodzi ya ku Specialty, "Tutti Frutti" ya Little Richard, yomwe ambiri amaiwerengera m'gulu la nyimbo zomwe zidabala rock and roll. Idajambulidwa mu Seputembala 1955 mu situdiyo yaing'ono ya Cosimo Matassa ku New Orleans. Mawu ake oyamba adali olaula, osatheka kuwaika pa wailesi, ndiye mayi wina wopeka nyimbo, Dorothy LaBostrie, adawakonza tsiku lomwelo. Ng'oma adaimba ndi Earl Palmer. Ma saxophone adaliza ndi Lee Allen ndi Alvin Tyler. Wogula lekodi mu 1955 mayina a anthu atatuwa sakadawaona paliponse, chonsecho kagundidwe komwe kadasintha nyimbo za dziko lonse kadachokera m'manja ndi m'mapapo mwawo. N'chimodzimodzi "Lawdy Miss Clawdy" ya Lloyd Price ya 1952: piyano yomwe imatsegula nyimboyo adaliza ndi Fats Domino, yemwe mgwirizano wake udali ndi kampani ina. Ku Specialty komweko n'komwe Sam Cooke adatchukira ndi nyimbo zauzimu ali m'gulu la Soul Stirrers. Mu 1957 Rupe sadakondwe ndi momwe Cooke ankajambulira nyimbo za chikondi, adamulola kupita, ndipo "You Send Me" idakafika pa nambala 1 ili m'manja mwa kampani ina.

Mbiri imeneyi imakhudza thumba. Little Richard ankalandira theka la senti pa lekodi iliyonse yogulitsidwa, ndipo umwini wa "Tutti Frutti" adaugulitsa pa madola 50. Pat Boone, mzungu, adaiyimbanso mofatsa n'kukwera pamwamba pa mwini wake pa mndandanda. Mu 1984 Richard adakasuma, nkhaniyo n'kuthera kunja kwa khoti. Ruth Brown, yemwe nyimbo zake zidamanga Atlantic m'ma 1950, adafika poyendetsa basi ya ana asukulu ndi kugwira ntchito m'nyumba za anthu, kufikira pomwe iye ndi loya wake adakakamiza kampaniyo kuwerengeranso ndalama za oyimba akale. Kulimbana kumeneko kudabala bungwe la Rhythm and Blues Foundation mu 1988. Milandu yotere imaima pa madeti, mayina ndi manambala, zinthu zoti wina akhale pansi azifufuze.

Apa ndili ndi kachenjezo kanga. Mawu otsegulira buku la Rip It Up adalemba ndi Art Rupe mwini wake, wa theka la senti yemwe uja, yemwe adamwalira mu 2022 ali ndi zaka 104. Wolemba mbiri yemwe makiyi a nkhokwe wapatsidwa ndi mwini nkhokwe amaona zinthu zomwe ena sangazione, komanso amakhala ndi ngongole ya ulemu. Ine buku lotere ndimaliwerenga ndikukumbukira madandaulo omwe Little Richard adakhala akunena moyo wake wonse. Palinso funso lomwe silindichoka: bwanji mbiri ya nyimbo za anthu akuda kawirikawiri amaisunga ndi kuilandirira mphoto ndi azungu? Vera sadayambitse zimenezo, ndipo ntchito yake ndi yolongosoka ndithu. Koma Grammy idapita kunyumba kwake, pomwe Judy Clay ambiri sadziwa n'komwe kuti adaliko.

Kwathu kuno wofanana naye pang'ono ndi a Moya Malamusi, omwe adayimba m'bandi ya kwela ya Donald Kachamba kenako n'kukhala katswiri wofufuza nyimbo, akugwira ntchito ndi a Gerhard Kubik ku Chileka. Zambiri zomwe dziko limadziwa za Daniel ndi Donald Kachamba zidasungidwa m'njira imeneyi.

Vera zomwe adaphunzira m'nkhokwe adazitengeranso mu situdiyo. Pamodzi ndi Michael Cuscuna adakonza zimbale zitatu za Lou Rawls ku Blue Note, kuyambira ndi At Last mu 1989, zomwe zidamubwezera Rawls ku blues ndi jazz za pa unyamata wake.

Chomwe chidamubweretsera Grammy ndi Singular Genius: The Complete ABC Singles, bokosi la ma CD 5 lokhala ndi nyimbo 106 za Ray Charles, lomwe lidatuluka mu 2011. Mwana wa mayi yemwe ankayimbira Ray Charles winayo adapata mphoto polemba za Ray Charles wa piyano, ali ndi zaka 68. Nkhani ya nyimbo zimenezi ndi yosiyana ndi ya Little Richard. Pochoka ku Atlantic kupita ku ABC-Paramount mu 1959, Charles adaumirira kuti matepi a nyimbo zake adzakhale ake, chinthu chomwe oyimba ochepa kwambiri adali nacho nthawi imeneyo, akuda kapena azungu. Mwa nyimbozo muli "Georgia on My Mind" ndi "Hit the Road Jack". Yachiwiriyi adapeka ndi Percy Mayfield, woyimba wakale wa ku Specialty yemwe ngozi ya galimoto idamuwononga nkhope mu 1952, n'kumuchotsa pamaso pa anthu kupita kuseri, kukapekera anzake. Nyimboyo amaidziwa anthu mamiliyoni. Mayfield amamudziwa ndi omwe amawerenga timabuku tija.

M'foni mwanga muli nyimbo zambiri zomwe zidabwera pa WhatsApp zili ndi dzina loyamba ndi AUD lotsatana ndi manambala. Zina ndidaikitsa m'memory card pamsika, zidangolembedwa kuti Track 04, Track 11. N'kutheka kuti mwanunso ndi chimodzimodzi. Kabuku kaja kadasowa, koma ntchito yake ikadalipo mobisika: pa Spotify mukadina pa timadontho titatu ta nyimbo mumapeza pomwe alemba omwe adaipeka, ndipo pa YouTube nyimbo zambiri zoikidwa ndi makampani zili ndi mayinawo m'munsi mwake. Ndalama za opeka zimatsata mayina omwewo. Pomwe dzina lasowa kapena lalakwika, ndalama imasochera.

Okonda reggae muyesere ndi iyi. Gregory Isaacs ali ndi "Storybook Children" m'chimbale chake cha Mr. Isaacs cha 1977, ndipo momwe amaiyimbira, yekhayekha ndi mawu ake ofewa aja, ungalumbire kuti idabadwira ku Kingston. Opeka ake ndi Chip Taylor ndi Billy Vera. Dzina la Judy Clay pa mzere wa opeka palibe, ndipo silingakhalepo, poti iye sadaipeke. Adangoiyimba, mu 1967, ali pambali pa mzungu yemwe a kanema sadafune kumuonetsa naye.